Cooler box ngati mash tun: pansi muikepo braid, mapaipi a kopa, false bottom kapena thumba?

Amene mwatopa ndi ma kit a m'chitini, aja madzi a chimera anakonzedwa kale, ndipo mukufuna kufulula mowa kuchokera ku chimera chenicheni cha balere, mufune musafune mukumana ndi funso ili, chimeracho ndichiviika mu chani kuti chikhale chotentha ola lathunthu, ndipo ndikamaliza madzi otsekemerawo ndiwatulutsa bwanji osatulukira limodzi ndi masese. Chiwiya chogwira ntchito ziwirizi ndi chomwe amati mash tun. Mumathiramo chimera chogaya ndi madzi otentha, phalalo limakhala pa 65 mpaka 68°C kwa mphindi 60, nthawi imeneyo ma enzyme a m'chimeramo akuphwanya sitachi kukhala shuga, kenako mumatsegula tapu n'kukha wort yanu, madzi otsekemera aja, kukaiwiritsa ndi hops, timaluwa tomwe timapatsa mowa kuwawa ndi fungo.

Ya sitenilesi yogula kale ndi yodula zedi, ndiye anthu ofulula pakhomo ku America, komwe zimenezi zinakula Jimmy Carter atasaina lamulo lozilola mu 1978, anangotenga cooler box ija ya ku pikiniki n'kuiika tapu. Bokosi losunga ayisi tsiku lonse limasunganso kutentha, labwino limataya digiri imodzi kapena ziwiri pa ola, ndipo silifuna magetsi, zomwe kwa ife ozolowera mabulakauti ndi nkhani yabwino chifukwa madzi mutha kutenthetsa pa mbaula basi. Pa bokosilo anthu sakangana kwenikweni. Mkangano uli pa sefa yomwe mumaika pansi pake, ndipo ine ndikuona kuti ambiri amawononga ndalama pa sefa yapamwamba yomwe kafululidwe kawo sikakuifuna n'komwe.

Zoyamba kuziganizira musanagule kanthu

Kukula kwa bokosi. Mowa wa malita 20 wa mphamvu ya 5% umafuna chimera makilo 4.5 mpaka 5, madzi ndi malita 2.5 mpaka 3 pa kilo, ndipo chimeracho pachokha chimadya malo pafupifupi malita 0.7 pa kilo. Werengerani nokha, makilo 5 ndi madzi malita 15 ndiye kuti phala lafika malita 18 ndi theka, cooler yozungulira ija ya magaloni 5, yomwe ndi malita 19, yadzadza mpaka pakamwa simungatakase n'komwe. Ya magaloni 10, malita 38, kapena ya makona anayi ya malita 45 ndiye imakupatsani mpata. Komanso musapyole, bokosi lalikulu kwambiri ndi chimera chochepa phala limayalana lopyapyala ndipo mpweya wotsala pamwamba umaba kutentha.

Katsukidwe ka chimera, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Mukakha wort yoyamba shuga wambiri amatsalira m'masese, ndiye mumatsuka ndi madzi a 75 mpaka 77°C. Njira zilipo ziwiri. Batch sparge mumakha zonse, n'kuthira madzi otsukira onse kamodzi, kutakasa, kudikira pang'ono, kukhanso, basi. Fly sparge mumadontheza madzi pamwamba pang'onopang'ono uku pansi mukukha pang'onopang'ono, zimatenga mphindi 45 kapena ola, zimatulutsa shuga wochulukirapo pang'ono koma zimafuna kuti pansi ponse pazikoka mofanana, apo ayi madzi amadzipezera kanjira kamodzi n'kumangodutsa momwemo mbali zina shuga ali phee osakhudzidwa. Pa batch sparge vutoli kulibe chifukwa mwatakasa kale, sefa iliyonse imagwira.

Mtundu wa chimera. Chomwe chimasefa kwenikweni si chitsulo mwaika pansicho ayi, ndi mankhusu a balere omwe amasanjikizana n'kupanga sefa yawoyawo, chitsulocho chimangowachirikiza. Tirigu, mapira, mawere ndi ufa wa chimanga alibe mankhusu oterowo, phala lake limamata ndipo tapu imangoti zii osatulutsa kanthu.

Kenako zomwe zikhudzane ndi wort. Ndi yotentha komanso yowawasa pang'ono, pH yake 5.2 mpaka 5.6, ndiye sitenilesi, kopa, CPVC (pulasitiki ya mapaipi a madzi otentha) ndi silikoni zili bwino. Zitsulo za galvanized ayi, zinc wake amasungunukira mu mowa. Paipi ya PVC wamba ija imayamba kufewa ikafika cha m'ma 60°C, pomwe phala lanu liri pamwamba pa pamenepo.

Tapu, yomwe njira zonsezi zimaifuna

Ka tapu ka pulasitiki kobwera ndi cooler mumakachotsa n'kuika ball valve (tapu ya chitsulo yotsegula ndi chogwirira) ya hafu inchi, nipple (ka paipi kakafupi komangirapo tapuyo) yodutsa pa bowo, mawashala a sitenilesi mbali zonse ndi o-ring ya silikoni mkati. Musamange ndi mphamvu zanu zonse abale. Khoma la cooler ndi thovu louma lomwe lili pakati pa mapulasitiki awiri opyapyala, mukafinya kwambiri limaphwanyika, wort imayamba kulowa mkati mwa khomalo komwe simungatsuke ndipo pakatha masabata fungo lake mudzalidziwa. Mangani ndi dzanja, onjezerani pang'ono ndi sipanala, yesani ndi madzi otentha osati ozizira chifukwa pulasitiki ikatentha imasintha. Ngati valve ya sitenilesi yasowa ndipo mwagula ya brass, dziwani kuti brass yambiri imakhala ndi mtovu pang'ono pamwamba pake, ofulula amaiviika mphindi zisanu kapena kupitirira pang'ono mu magawo awiri a viniga ndi gawo limodzi la hydrogen peroxide ya 3% ya ku famase mpaka iwale chikasu, madziwo akayamba kubiriwira ndiye kuti mwachedwa kuichotsa. Amene ndalama zavuta amangolowetsa paipi ya silikoni pa bowolo mothina n'kumaipana ndi kilipi, sizokongola koma zimagwira.

Njira yoyamba: braid

Iyi ndi ukonde wa waya uja umakuta ka paipi kopindika kolumikiza thanki ya toileti kapena sinki ku madzi. Mumadula mbali zonse ziwiri ndi hakiso, kukoka labala ya mkati ndi pulayala, kupinda mbali imodzi kuti itsekeke, inayo kuimanga pa nipple ndi hose clamp. Denny Conn wa ku Oregon ndi amene anaitchukitsa pamodzi ndi batch sparge.

Mtengo: yotsika kwambiri mwa zonse zachitsulo, ka paipi kamodzi ndi clamp basi.

Kupezeka: hadiweya iliyonse yogulitsa za mapulambala, kaya ku Limbe, Lilongwe, Mzuzu, Chipata kapena Tete, simusowa. Vuto ndi kupeza yeniyeni. Zina zotchipa ukondewo ndi pulasitiki yotuwa yolukidwa kuti izioneka ngati chitsulo, zina ndi waya wa aluminiyamu kapena galvanized, ndipo wogulitsa nthawi zambiri amangoti ndi sitenilesi bwana osadziwanso. Mukadula onani nsonga zake, ya pulasitiki imasungunuka mukaiyandikiza machesi, ya aluminiyamu ndi yofewa imapindika ndi chikhadabo, yeniyeni imabaya ndipo imakubayanidi ndiye valani magolovesi.

Kusamalira: tizidutswa ta mankhusu timakodwa mu ukondemo, muzitsuka ndi madzi othamanga mukangomaliza ndipo mwa apo ndi apo iwiritseni. Ikatha mumangotaya n'kupanga ina, palibe kulira.

Zoopsa: imaphwatalala ikalemedwa ndi chimera chambiri kapena mukaiponda ndi mthiko, ndiye ena amalowetsamo waya wa kopa kapena sitenilesi wopotedwa ngati sipuling'i kuti isagone. Imathanso kuyandama mukamatakasa. Ka sikuluwu ka hose clamp nthawi zambiri si ka sitenilesi ngakhale lamba wake ali wa sitenilesi, kamachita dzimbiri. Ndipo pa fly sparge braid siyenera, imakoka pa mzere umodzi wokha. Pali mbale wake wogula kale amati bazooka, ukonde wolimba womwe umangopotedwera pa nipple ya hafu inchi, sugona pansi koma ndi wochita kuitanitsa ndipo malire ake ndi omwewa.

Njira yachiwiri: manifold ya kopa kapena CPVC

Apa mumapanga felemu ya mapaipi a 15 mm yoyala pansi pa bokosi, ma elbow m'makona, ma tee polumikiza, kenako mumacheka timipata ndi hakiso pa sentimita iliyonse, kulowa osapitirira theka la paipi, ndipo timipatato tiyang'ane pansi. Kuti ikoke mofanana mtunda wochoka pa khoma kufika pa paipi yoyamba ukhale theka la mtunda wa pakati pa paipi ndi inzake, mukaigundika ku khoma madzi amangotsetsereka m'mbali osadutsa m'chimera.

Mtengo: kopa wakwera mtengo kulikonse, ma fitting ndi omwe amadya ndalama kuposa paipiyo. Kuonjezera apo ndi tsiku lanu la Loweruka, kucheka timipata tambirimbiri kenako kupala tonse ndi fayilo kuti tizitsulo tisatsalire. CPVC ndi yotchipirako komanso yosavuta kucheka, imapirira mpaka 93°C.

Kupezeka: kopa wa 15 mm amapezeka komwe amagulitsa zoikira ma geyser. CPVC ndi yovutirapo kuno, ndipo werengani zolembedwa pa paipipo, musangokhulupirira mtundu wake.

Kusamalira: osawotcherera ma joint, ingolowetsani mothina kuti muzitha kuphwasula potsuka. Ngati mwaganiza zowotcherera ndiye solder yake ikhale yopanda mtovu. Kopa akasiyidwa wonyowa amamera zobiriwira zija, zimenezo ndi poizoni, tsukani ndi viniga ndipo muumitse musanasunge. Kuderako pang'ono kokha si vuto.

Zoopsa: poti ma joint sanawotcheredwe, mukatakasa mwaukali felemu imatha kuguluka pansi pa phala la 66°C inu osadziwa, mudzangoona masese akutuluka pa tapu, ndipo kukonza kwake ndi kukhuthula zonse mu ndowa. Ena amamanga ma joint ndi waya wa kopa pofuna kupewa zimenezi. Ubwino wake waukulu ndi woti mumaipanga molingana ndi bokosi lanu, la makona anayi lililonse, ndipo ikagona pansi penipeni wort yotsalira imakhala yochepa.

Njira yachitatu: false bottom

Mbale ya sitenilesi yotukuka pakati yokhala ndi timabowo ta pafupifupi 2.4 mm thupi lonse, imakuta pansi ponse, wort imasonkhana kunsi kwake n'kutuluka kudzera pa ka paipi kopita ku tapu.

Mtengo: yodula kuposa zonse, ndipo ngati muli ku Malawi kapena ku Zambia onjezerani wonyamula ndi msonkho wa pa boda.

Kupezeka: m'mashopu a zofululira mowa okha, ku Johannesburg, Cape Town, UK. Zimapangidwira ma cooler ozungulira a Igloo ndi Rubbermaid, ya mainchesi 9 pa cooler ya magaloni 5, ya mainchesi 12 pa ya magaloni 10. Ngati bokosi lanu ndi la makona anayi iwalani. Yezani pansi pa cooler yanu mkati musanatumize ndalama kwa m'bale wa ku Joni, kusiyana kwa sentimita imodzi kumakwana kuti masese azidutsa m'mbali. Zopita kwa owotcherera zitsulo pa msika kuti akupangireni ndingati samalani, ambiri alibe sitenilesi yoboola kale ndipo akupatsani lata.

Kusamalira: apa ndiye palibe yoiposa, kuchotsa, kutsuka, kuumitsa. Siitha.

Zoopsa: kunsi kwa mbaleyo kumatsala wort yomwe tapu siifikira ngati ka paipi kake sikanatsike bwino, ndipo ka paipi kolumikizako kakakhala ka vinyl wopyapyala kamafewa ndi kutentha n'kupindika, ikani ka silikoni kokhuthala. Mukatsegula tapu yonse kamodzi phala limakokedwa n'kutsendereka pa mbalepo mpaka kutseka, tsegulani pang'onopang'ono. M'mphepete mwake mumakandanso pulasitiki ya cooler. Koma kunena zoona pa fly sparge iyi ndiye mfumu, imakoka pansi ponse mofanana.

Njira yachinayi: thumba la nsalu mkati mwa cooler

Ofulula a ku Australia ndi omwe anatchukitsa zofulula mu thumba m'zaka za m'ma 2000, iwo amaika thumbalo mu poto wowiritsira momwemo, koma kuliyala mu cooler box kumagwiranso bwino kwambiri ndipo mumapindula ndi kusunga kutentha kuja. Nsalu yake ndi voile ya polyester, ija yoyera yoonekera ya makatani a mkati.

Mtengo: mamita awiri a nsalu ndi ya telala. Palibe yotsika kuposa apa.

Kupezeka: shopu ya nsalu iliyonse, ngakhale pa kaunjika makatani oterewa amapezeka, bola akhale oyera opanda utoto kapena maluwa omata ndipo muwawiritse kaye. Muuzeni telala asoke ndi ulusi wa polyester, msoko ubwerezedwe kawiri ndipo ukhale kunja, thumba likule kuposa bokosi kuti milomo yake izipindikira kunja, aikenso zogwirira zolimba. Ya thonje ayi, imafupika ndipo imaola.

Kusamalira: kukhuthula, kutembenuza, kutsuka ufa wonse, kuyanika mpaka liume gwa. Mukalipinda lonyowa limachita nkhungu.

Zoopsa: choyamba ndipo ndikunenetsa, neti ya udzudzu si thumba lofululira. Ndikudziwa ikuoneka ngati yomweyo ndipo ili kale m'nyumba, koma maneti amenewa ndi onyikidwa mankhwala ophera udzudzu, inu n'kuwaviika ola lathunthu m'madzi otentha omwe mudzamwe, ayi ndithu. Chachiwiri kulemera, kilo iliyonse ya chimera imamwa pafupifupi lita imodzi ya madzi, ndiye makilo 5 aja pokweza ndi makilo 10 kapena kuposa akudontha madzi oyandikira 70°C, msoko ukang'ambika kapena dzanja likaterereka mwapsa. Mu cooler simukakamizika kulikweza lodzadza, khani kaye pa tapu. Nsaluyo imathanso kukokedwa n'kutseka bowo la tapu, kuika ka braid kakafupi kapena ka sefa ka tiyi ka sitenilesi pa bowopo kumathetsa. Wort yake imatuluka ya mbuu pang'ono poyerekeza ndi njira zina, ena zimawapweteka mtima, koma zambiri zimadikha powiritsa ndi pomwe yisiti ikugwira ntchito, mu botolo simudzasiyanitsa kwenikweni. Phindu lake ndi loti thumba silitsekeka mpaka kukusowetsani chochita, tapu ikaima mumangokweza thumba pang'ono n'kuyambanso kuyenda, ndipo mutha kugaya chimera mosalala kuposa momwe braid kapena manifold ingalolere, zomwe zimathandiza ngati chigayo chanu ndi cha pamanja chosasinthika bwino.

Bokosi lenilenilo

Madzi owira osathira mu cooler, pulasitiki ya mkati imakwinyika ndi kutukuka. Litenthetseni kaye ndi madzi a cha m'ma 75°C kwa mphindi zingapo, tayani kapena agwiritseni ntchito, kenako madzi ophikira phala muwathire ali 72 mpaka 75°C chifukwa chimera chozizira chimawatsitsa kufika pa 66 paja. Zivindikiro zambiri mkati ndi zopanda kanthu, kutentha kumathawira pamenepo, fundikani bulangete. Masese achotseni tsiku lomwelo, akagona amasasa ndipo fungo limalowerera, apatseni nkhumba kapena nkhuku. Osakwecha ndi sitiliwulu. Zophera tizilombo sizofunika pano poti wort ikukawira. Ndipo ngati mukugula cooler yogwiritsidwa kale ntchito inunkhizeni ndi chivindikiro chongotsegula kumene, yomwe inkanyamula chambo kuchokera ku Mangochi fungo silichoka olo mutsuke motani.

Ndiye inu mutenge iti

Ngati mukungoyamba, muli ku Malawi, Zambia kapena Tete, chimera cha balere mumachita kuitanitsa ndipo simukufuna kutaya olo kilo imodzi chifukwa cha tapu yotseka, tengani thumba mu cooler iliyonse yomwe muli nayo ya malita 30 kupita mtsogolo, ndi batch sparge. Ndalama yomwe mukanagulira false bottom gulirani themometa yabwino, imeneyo ndi yomwe isinthe mowa wanu.

Ngati muli ndi bokosi la makona anayi, mumafulula balere yekhayekha ndipo zokweza ndi kuchapa thumba sizikukusangalatsani, braid ndi batch sparge, bola mwatsimikiza kuti ndi sitenilesi. Mutha kufulula nayo zaka osafunanso china.

Manifold ndi ya amene akufunadi fly sparge koma bokosi lake ndi la makona anayi, kapena amene amafulula malita 40 kupita mtsogolo komwe kulemera kwa chimera kumagonetsa braid, komanso akhale munthu wokonda kucheka ndi kupala. Ngati mukuchita batch sparge musavutike nayo.

False bottom ndi ya anzathu a ku South Africa ndi ku UK omwe shopu ili pafupi, ali ndi cooler yozungulira ya magaloni 10 ndipo amachita fly sparge kawirikawiri. Pamenepo ndalamayo ikumveka.

Amene mukufuna kuyesa chimera chathu cha mapira kapena mawere, kaya pachokha kaya kusakaniza ndi balere, thumba ndiye njira, ndipo onjezerani mankhusu a mpunga m'phalamo manja awiri atatu kuti madzi apeze podutsa, ku zigayo za mpunga ku Karonga, Nkhotakota kapena Salima amangounjikidwa, ingowatsukani bwinobwino ndi madzi otentha kaye fumbi lichoke. Dziwaninso kuti sefa siithetsa zonse, sitachi wa mapira amafuna kutentha kokwererapo kuposa wa balere kuti apse, ndipo chimera chake chili ndi beta amylase wochepa, imodzi mwa ma enzyme otulutsa shuga aja, ndiye kungochiviika pa 66°C mu cooler shuga atuluka wochepa. Chomwe chimathandiza ndi kuviika kaye m'madzi ofunda, kutsanulira pambali madzi a pamwamba omwe ali ndi ma enzyme, kuphika phala lokhuthala lotsalalo pamoto mu poto, likazizira kufika cha m'ma 65°C ndi pomwe mubwezere zonse mu cooler kuti ola lija liyambe.